Nyamakazi Ziwiri

Vainess anadzuka alamu isanalire. Kuyambira mwezi wa Novembala ankadzuka ola lathunthu nthawi isanakwane, chifukwa zala zake zinkafuna ola limenelo kuti ziyambe kumumvera. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuzitambasula pamaso pake. Zinali zotupa m'mfundo, kumanja ndi kumanzere mofanana. Atayesa kufumbata, zinaima panjira ngati zagwira lalanje losaoneka.

Anapita kukhitchini, anakankha mpopi wa madzi otentha ndi chigongono, n'kuviika manja m'sinki. Sanathe kuima malo amodzi. Anasuzumira pawindo, anayang'ana wotchi, anasuzumiranso pawindo. Kunja kunali kutayera kale ngakhale kuti faifi koloko inali itangokwana. Pansi, mumsewu wa ku Govanhill mumzinda wa Glasgow, mwini golosale ankatsitsa matumba a anyezi m'galimoto atavala malaya a manja aafupi. Malaya amenewo ndiwo anamusowetsa mtendere. Unali mwezi wa Meyi, chisanu chinali chitatha, koma zala zake zinali zisanamve uthengawo.

Dzina la vuto lake ankalidziwa. Inali nyamakazi. Mayi ake anali nayo m'maondo ku Dedza kuja. Inkawagwira mu Juni, iwo ankaotha moto ndi kutemera mphini ziwiri zitatu, ndipo dzuwa la mu Okutobala likafika ankapita kudimba ngati mtsikana. Nyamakazi ndi ya ukalamba ndi kuzizira, basi. Vainess anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ankakhala m'dziko lozizira. Chodabwitsa chinali chiyani? Mu Januwale anaimbira foni dokotala, ndipo atafunsidwa kuti ali bwanji anayankha mwaulemu kuti ali bwino, kungoti thupi likuphwanya chifukwa cha nyengo. Dokotala anafunsa ngati pali potupa. Iye anati pang'ono chabe, si zodandaulitsa. Anamuuza za panado ndi mankhwala opaka, ndi kuti aimbenso zikapitirira. Sanaimbenso. Ankadikira dzuwa.

Kuntchito sanauze munthu. Ankasamalira okalamba panyumba ina ku Partick, ndipo chilolezo chake chokhalira m'dzikolo chinali chomangiriridwa ku ntchito imeneyo. Ntchito ikatha umapatsidwa masabata owerengeka kuti upeze ina, apo ayi ulongedze. Nanga ndani angalembe ntchito wosamalira anthu amene sangathe kumanga batani? Choncho anaphunzira kubisa. Okalamba ankawaveka majuzi ongolowetsa kumutu. Mabotolo ankatsegulitsa anzake, akumati m'manja muli sopo. Ngakhale kutchalitchi, kumene aliyense amagwira dzanja la mnzake pakhomo, iye ankafungatira Baibulo pachifuwa ndi manja onse awiri n'kungoweramitsa mutu. Anamvapo kuti amayi ena akunena kuti Vainess wayamba matama.

Kiyi wa pakhomo anamupotokola ndi manja awiri. Sitima ya pasiteshoni ya Crosshill inachedwa ndi mphindi zinayi, ndipo mphindi zonsezo anayenda uku ndi uku papulatifomu, manja ali m'khwapa. Pasiteshoni ya Central anathamangira sitima ina. Pofika ku Partick zala zinali zitamasukako, koma chala chachikulu cha kumanja chinkatentha ngati chalumidwa ndi mavu.

Pabolodi la muofesi panalembedwa kuti mnzake amene ankagwira naye masiku onse wadwala. Vainess anapatsidwa zipinda zisanu, ndipo choyamba chinali cha a Carol.

A Carol anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi. Anakulira ku Dennistoun, ndipo anasoka malaya m'fakitale zaka zoposa makumi awiri mpaka pamene manja anawalanda ntchito. Zala zawo zonse zinapendekera kumbali ya kachala kakang'ono ngati udzu umene mphepo yaugonetsa. Sankayenda, koma pakamwa panalibe chilema. Mkazi aliyense ankamuitana kuti "hen", monga amachitira anthu a mu Glasgow, ndipo Vainess atangofika kumene anakhala sabata yathunthu akudzifunsa chimene analakwa kuti azitchedwa nkhuku yathadzi.

"Wachedwa, hen," anatero a Carol. "Ndimayesa wakwatiwa."

"Ndani anganditenge ine, mayi? Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, chachikulu n'chimenecho. Lero kukubwera mwana wanga. Ndikufuna bulauzi yobiriwira ija."

Bulauzi yobiriwira inali ndi timabatani khumi ndi tiwiri, tating'ono ngati nthanga za therere.

"Kunja kuli kamphepo, mayi. Bwanji juzi yofiira ija? Imakukhalani bwino."

"Kunja kuli dzuwa, maso ndili nawo. Juzi yofiirayo wandiveka kanayi sabata ino. Anthu ayamba kundiponyera makalata m'kamwa poyesa ndine bokosi la ku positi."

Vainess anawasambitsa, anawapukuta, anawalowetsa mikono m'bulauzi. Batani loyamba analowetsa atalimbana nalo. Lachiwiri linamupulumuka katatu. Pa lachitatu anazindikira kuti a Carol asiya kulankhula.

"Siya," anatero a Carol. "Bweretsa kuno manjawo ndiwaone."

"Ndi sopo chabe, mayi, akuterera."

"Bodza limenelo ndinalinenapo ine, iwe ukadali pasukulu. Kungoti ine ndinkati ndi mafuta a makina. Bweretsa."

Vainess anaika manja ake pabulangete, pafupi ndi a iwo. A Carol anawayang'ana nthawi yaitali.

"M'mawa amatenga nthawi yaitali bwanji kuti amasuke?"

Vainess anayang'ana kukhomo.

"Mphindi khumi? Theka la ola?"

"Ola," anayankha motsitsa mawu. "Masiku ena kupitirira."

"Onse awiri?"

"Onse awiri."

"Nanga mapazi? Ukatsika pabedi, si umamva ngati ukuponda timiyala?"

Vainess anadzidzimuka. Za mapazi sanauzepo munthu, ndipo iye mwini ankanamizira nsapato zimene anagula pa selo.

"Ndi nyamakazi, mayi," anatero, liwulo n'kulitchula m'Chichewa chifukwa lachingerezi silinabwere. "Ndi matenda a kwathu, a kuzizira ndi ukalamba. Mayi anga anali nawo. Kukatentha amatha okha."

"Nyama-chiyani? Kaya kwanu mumaitcha chiyani, hen, ine ndikuiona apa." Anakweza manja awo opindikawo pang'ono. "Inenso ndinadikira dzuwa. Zaka ziwiri, mu Glasgow muno, tangoganiza! Kenako anayamba kundibaya jakisoni wa golide. Golide weniweni. Ndikafa musandikwirire, mukandigulitse. Koma zinali zitachedwa, mafupa anali atadyeka kale. Masiku ano ali ndi mankhwala oimitsa, bola munthu apite msanga. Iwe yayamba liti?"

"Novembala."

A Carol anawerenga miyezi milomo ikugwedera. "Isanu ndi umodzi. Ndiwe chitsiru ngati ine ndemwe."

"Chonde musauze munthu. Akandichotsa ntchito, ndiye kuti ndikubwerera kwathu."

"Sindine kazitape ine. Koma mabatani anga ndikuwafuna onse khumi ndi awiri."

Anali atafika pa lachisanu pamene Tisunge analowa akukankha hoisti, makina onyamulira anthu osayenda kuchoka pabedi kupita pampando. Tisunge anali nesi wa pashifitiyo, mayi wa ana awiri wochokera ku Ntcheu, ndipo ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi Vainess. Lamulo la hoisti linali lakuti pazikhala anthu awiri, aliyense akole malamba a mbali yake, ndipo asananyamule afunsane.

"Mwadzuka bwanji, anti? Lero ndine kondakitala wanu, tiyeni tifulumire, mankhwala a eyiti koloko akundidikira."

Anawagubuduzira a Carol uku ndi uku, n'kuyala pansi pawo nsalu yonyamulira. Chokolera chilichonse chinkafunika kuchikanikiza pachitsulo mpaka chimveke kuti chalowa. Vainess analowetsa cha kumwendo ndi chikhatho. Cha kuphewa chinali pamalo opanikizika, posafika chikhatho, ndipo chinkafuna chala chachikulu. Anakanikiza. Ululu unakwera mpaka m'chigongono. Chokolera chinakhala pachitsulo, chooneka ngati chalowa, koma sichinalire.

"Kwanga kwalowa," anatero Tisunge. "Kwanu, anti?"

Vainess anakanikizanso. Chala chinangopindika. Kuchokera kumene anaima Tisunge chokolerachi sichinkaoneka, ndipo chala chake chinali kale pabatani lonyamulira. Mwina chikanagwira. A Carol anali opepuka ngati mtolo wa mapesi, ndipo mtunda wa pabedi ndi pampando unali mapazi atatu okha. Vainess anayang'ana pansi, pa simenti yokutidwa ndi kapeti wopyapyala. Anayang'ana a Carol. Iwo maso awo anali kudenga, milomo atatseka.

"Anti?"

"Dikira. Usanyamule."

"Chavuta n'chiyani?"

"Sichinalowe. Sindingathe kuchilowetsa. Zala zanga zakana."

Tisunge anazungulira bedi, anakanikiza ndi chala chimodzi, chokolera n'kulira. Anawanyamula a Carol, anawakhazika pampando, ndipo Tisunge anamaliza mabatani asanu ndi awiri otsalawo mofulumira.

"Mwandimva ndikunena kanthu?" anafunsa a Carol. "Ine sindinanene kanthu. Wina andipese tsitsi."

Atatuluka, Tisunge anamukokera Vainess m'kachipinda kosungira nsalu zoyala n'kutseka chitseko.

"Anti, ndipatseni moni wa padzanja."

"Tapatsana kale moni."

"Wa padzanja, anti."

Vainess anatambasula dzanja. Tisunge analigwira modutsa mfundo zinayi n'kufinya pang'ono chabe.

"Mayo!"

"Eya. Ndiye chifukwa chake kutchalitchi mumakumbatira Baibulo ngati wina akufuna kukulandani. Ife tinkayesa mwayamba kunyansidwa nafe." Anatembenuza dzanjalo, n'kusisita mfundo imodzi imodzi. "Zatupa zonsezi. Bwanji osanena?"

"Ndi nyamakazi, mwana iwe. Ukufuna ndiziyenda ndikulengeza nyamakazi? Ndani wa msinkhu wanga alibe?"

Tisunge anapumira m'mwamba n'kutsamira shelefu. "Liwu limeneli latipweteka ambiri. Ife tili ndi liwu limodzi, koma matenda ndi osiyana. Pali nyamakazi ya mafupa operepeseka chifukwa cha zaka ndi ntchito, ya m'maondo ija. Ndiye pali iyi ya a Carol, imene chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kumenya mfundo za mwini wake. Imeneyi sidziwa Juni kapena Okutobala. Imagwira manja onse awiri, imaumitsa m'mawa, ndipo chimene yadya siibweza. Ine sindine dokotala, akakuyezeni magazi, koma manja awa sindikuwakonda."

"Amenewo ndi matenda a azungu."

"Kuno pafupifupi munthu mmodzi pa akuluakulu zana alionse ali nayo. Mwa amayi okulirapo ndiye ndi ochuluka kuposa pamenepo. M'nyumba muno mokha, pa anthu makumi anayi, ndikupatsa atatu mankhwala ake."

"Waona? Kuno. Mayiko olemera."

"Kuno amawerenga, anti. Kwathu amawerenga ndani? Munthu akafika kuchipatala n'kuti mafupa akuwawa, timalemba nyamakazi, panado, wotsatira alowe. Inenso ndinalembapo choncho, kangati kaya. Simunaonepo munthu wa manja ngati a Carol kwathu?"

Vainess anafuna kukana, koma anakumbukira mayi wina wogulitsa tomato pamsika wa ku Dedza, amene ankalandira ndalama ndi zikhatho ziwiri chifukwa zala zinali zitagona chammbali. Anthu ankati anagwira katundu wa eni wotchingidwa ndi mankhwala. Vainess ali mtsikana ankaopa kugula kwa mayi ameneyo.

Anakhala pa mulu wa matawulo, n'kudzukanso nthawi yomweyo.

"Ndipita kwa dokotala. Ndipita sabata yamawa. Koma za lerozi zithere muno."

"Za hoisti ndiyenera kulemba."

"Ulembe chiyani? Wagwa munthu?"

"Sanagwe chifukwa mwanena. Mawa mudzakhala ndi wina wothamanga amene safunsa kawiri."

"Tisunge, mwana wa kwathu, undipereke ndiwe? Ukudziwa bwino za mapepala anga. Iwe ndiwe nesi, ukachoka pano mawa lomwe akulemba kwina. Ine ndipite kuti ndi manja awa?"

Tisunge anayang'ana pansi. Atadzutsa mutu maso ake anali ofiira, koma mawu sanasinthe. "Ndikabisa, tsiku lina adzagwa a Carol kapena wina, ndipo tidzapita tonse, inu ndi ine. Ndilemba ikamakwana thwelofu. Abwana a Moira ali muofesi. Ndi bwino amve kwa inu asanawerenge zanga."

Anatuluka kukagawa mankhwala.

Vainess anamaliza zipinda zinayi zotsalazo osadziwa kuti wazimaliza bwanji. Bambo wina anamufunsa kawiri chifukwa chimene wamuvekera sokosi imodzi. Itakwana leveni anadutsa pakhomo la ofesi ya a Moira, manijala wa nyumbayo, osagogoda. Anafika kumapeto kwa khonde, anawongola chithunzi chimene chinali chowongoka kale, n'kubwerera. Anadutsanso. M'mutu mwake ankalongedza sutikesi, ankaona basi ya ku Dedza, ankamva achibale akufunsa kuti wabwera kutchuthi kapena wabweratu. Kachitatu chitseko chinatseguka chokha.

"Vainess, kapetiyo mumaliza," anatero a Moira. "Lowani kapena khalani pansi penapake."

Analowa. Mawu onse amene anakonza m'khonde anabalalika, choncho anangoika manja ake patebulo, pakati pa mafaelo ndi kapu ya tiyi. Kenako ananena zonse motsatana, za Novembala, za majuzi, za mabotolo, za chokolera cha kuphewa. A Moira anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Miyezi isanu ndi umodzi mukunyamula anthu anga ndi manja amenewa?"

"Inde, mayi."

"Bwanji simunanene?"

"Ndimaopa."

"Ndakwiya, musaganize kuti sindinakwiye." Anavalanso magalasi n'kukoka pepala la mashifiti. "Kuyambira lero hoisti simuigwira. Ndikutumizani kwa dokotala woona za umoyo wa antchito, ndiye adzatiuze zimene mungagwire ndi zimene simungagwire. Mwati masana amamasuka?"

"Amamasuka ndithu."

"Ndiye ndikusunthirani ku shifiti ya masana, muzithandiza pa chakudya ndi kucheza nawo. Azakhali anga ali ndi matenda omwewa, ngati ndi omwewa. Amamwa mankhwala kamodzi pa sabata ndipo amayendetsa galimoto moopsa kuposa ine."

"Nanga mapepala anga?"

"Za chaka chamawa sindingakulonjezeni, kampani si yanga. Ndilemba zoona, ndipo ndilemba kuti amene mwaimitsa hoisti ndinu. Sindichotsa munthu chifukwa wadwala. Mukanati kwalowa, bwenzi tikukamba zina." Analoza foni ya Vainess imene inkaonekera m'thumba la yunifolomu. "Dokotala wanu mwamuimbira?"

"Ndimati sabata yamawa."

"Muli ndi mphindi makumi awiri zopuma. Pitani panja."

Kuseri kwa khitchini kunali kabwalo ka migolo ya zinyalala, ndipo dzuwa linkawomba pakhoma la njerwa. Vainess anapanikiza foni pakati pa phewa ndi khutu. Mawu a makina anamuuza kuti ndi wa khumi ndi chimodzi pamzere. Anayenda kuchoka pa mgolo wobiriwira kufika pachipata, n'kubwerera. Wachisanu ndi chitatu. Mbalame ya kunyanja inatera pakhoma n'kumuyang'ana ndi diso limodzi. Sanadziwe ngati ntchito yapulumuka kapena yangochedwa kutha. Wachinayi. Anaganiza zodula foni kuti adzaimbe mawa m'mawa mzere ukadali waufupi, koma chala sichinafike pabatani. Wachiwiri.

"Pepani podikira," anatero mayi wa pachipatala. "Tikuthandizeni chiyani?"

Vainess anatchula dzina lake ndi tsiku lobadwa. Kenako analankhula pang'onopang'ono, ngati akuwerenga kalata. Mfundo za zala zatupa, manja onse awiri. M'mawa amauma kupitirira ola. Mapazi nawonso. Kuyambira Novembala. Lero walephera kugwira ntchito yake.

Kunamveka kugogoda kwa makiyi a kompyuta. "Pali malo Lachinayi madzulo, hafu folo."

"Ayi, madzulo ayi. Ndipatseni m'mawa, m'mawa weniweni, chipatala chikangotsegulidwa."

"M'mawa ndi modzaza mpaka Lolemba."

"Ndidikira Lolemba. Madzulo amaoneka ngati a munthu wabwinobwino. Ndikufuna dokotala adzawaone asanamasuke."

"Tadikirani ndione," anatero mayiyo, ndipo m'foni munayamba kulira kanyimbo. Vainess anasinthira foni ku phewa lina n'kuyambanso kuyenda kulowera kuchipata.